A Silvesta ndi Njinga Yosanyamula Kanthu

Mukatsika minibasi pa Njuli n'kufunsa kumene amakonza njinga, akulozerani kashedi ka malata kamene kali kuseri kwa ife ogulitsa tomato. M'menemo mupezamo bambo wamfupi, imvi zangoyamba kumene, atagwada pa thumba, njinga itagona chagada patsogolo pawo. Amenewo ndi a Silvesta Mathero. Ndi achimwene anga, bere limodzi, ndipo tebulo langa la tomato ndi anyezi limayang'anana ndi shediyo. Nde zimene ndinene pano musati ndinazimva kumjigo.

Achimwenewa anayamba kabaza ali mnyamata, nthawi imene kabaza anali wopalasa ndi miyendo. Ananyamula odwala kupita nawo ku chipatala cha mishoni, ananyamula aphunzitsi, matumba a chimanga, mbuzi, tsiku lina mpaka chitseko ndi mwini chitsekoyo. Bondo litayamba kudandaula, njinga zamoto nazo zitalanda makasitomala, anasiya kupalasa n'kuyamba kukonza. Koma maganizo a kabaza sanawasiye. Kwa iwo njinga imene singanyamule thumba la chimanga, mwini thumba n'kukhala pamwamba pake, si njinga ayi. Akamasankha felemu amayamba ainyamula, ikalemera nkhope imawala. Kenako amaigogoda ndi sipanala khutu lili pafupi, kumvetsera ngati chitsulo chili ndi mng'alu. Akabaza onse opalasa a kuno amadziwa kuti njinga ikadutsa m'manja mwa a Mathero imatuluka ndi masipoko onenepa ndi kaliyala wowotcherera, woti angakhalepo munthu wonenepa bwanji sapindika.

Pakamwa ndiye pouma, abale. Mayi athu atadwala, ife tonse tinkati pepani mayi, mwadzuka bwanji mayi. Iwo anafika, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kukonza chitseko cha kuchimbudzi, basi n'kumapita. Ndi munthu woti akakukonda amakukonzera chinthu, kaya unapempha kaya sunapemphe.

Anakwatira a Josephine Nabanda a kwa Milepa, ndipo monga timachitira kuno anapita kukakhala kuchikamwini. Anaumba njerwa, anamanga nyumba ya malata pamalo a akazi awo, n'kubereka mwana mmodzi, Anjelina. Mwanayo ali ku pulayimale, a Josephine anadwala n'kutisiya. Zamaliro zitatha anthu anakhala pansi, ndipo a Kalisto, mlongo wawo wa malemu amene ali mwinimbumba, anawasudzula achimwene, kutanthauza kuti ukwati watha, ndi omasuka kubwerera kwawo. Panalibe ndewu, panalibe mawu oipa. Mwana ndi wa kuchikazi, nyumba ili pa nthaka ya kuchikazi. Ine mwambowu sindingautukwane, pakuti ana anganso ali kwathu ndipo amuna anga nawonso ndi akamwini. Koma tsiku limene achimwene anafika pa Njuli ndi bulangete ndi bokosi la masipanala pa kaliyala, mtima unandipweteka kwambiri.

Poyamba ankapitako kawirikawiri, atanyamula shuga, sopo ndi makope. Amakafika n'kuwaikira mpando pansi pa mtengo ngati mlendo. Mwana amabwera, n'kugwada chapatali, n'kunena kuti ndili bwino kaya inu ababa, kenako zii, wapita kuseri. Iwo nawo osadziwa chomufunsa. Amathera kukonza njinga ya a Kalisto, n'kutsanzika. Maulendo anayamba kutalikirana, anasanduka a Khrisimasi, kenako a maliro okha. Anjelina analemba mayeso a Fomu 4, ndipo zoti wakhoza achimwene anazimva kwa wakabaza.

Tsiku lina, nyengo yokolola nandolo itangotha, patebulo panga panaima mtsikana wamtali, atavala thalauza, chitenje pamwamba. Ndinayamba kumutchulira mitengo ya tomato. Anaseka, n'kundifunsa ngati azakhali ake ndamuiwala. Iii, manyazi ake! Anali Anjelina, nkhope yonse ya a Josephine. Ndinamutengera kushedi. Achimwene anadzuka, n'kupukuta manja pa thalauza, kupukuta, kupukutabe, ngati manjawo sadzauma. Kenako anamukankhira kireti kuti akhalepo.

Mwana sanazungulire. Anati akufuna njinga. Apo achimwene anakhala tsonga, pakuti nkhani inafika pakhomo pawo. Koma iye anatulutsa foni n'kutionetsa kanema. Munali mnyamata pa kanjinga kakang'ono ngati ka mwana, ataima pa timipope tachitsulo totuluka m'mbali mwa tayala la kutsogolo, tayala la kumbuyo lili m'mwamba, akungozungulira pamalo amodzi. Anjelina anati njinga zoterezi amazitcha BMX, ndipo masewera ake awa ndi fulatilandi, oseweredwa pamalo osalala, opanda kudumpha zitunda. Anawaona ku Blantyre atapita kukacheza kwa msuweni wake. Kuli achinyamata amene amakumana Lamulungu masana pamalo oimika magalimoto pakakhala popanda galimoto. Mmodzi anamubwereka njinga, iye n'kuima pa timipopeto kanthawi kochepa asanagwe, ndipo kuchokera tsiku limenelo mtima wake unatsalira pomwepo. Yatsopano kuno siipezeka. Anzakewo anamuuza kuti akasake felemu pa kaunjika ku Limbe, zotsalazo amangire pomwepo. Anali atagulitsa nandolo wa m'munda wa mayi ake.

Achimwene anaonera kanemayo mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti mnyamatayo akupita kuti. Anjelina anati sakupita kulikonse. Anafunsanso kuti nanga katundu amaika pati. Mwana anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo ine ndinaona achimwene akumuyang'ana, chifukwa kuseka kwa mwana wawo atakula anali asanakumvepo.

"Ine zitsulo sindizidziwa, ababa," anatero Anjelina. "Mundiperekeze mukandisankhire yopanda matenda."

Atapita, ndinawauza achimwene mosapsatira. Ndinati kwa Milepa okonza njinga alipo, pa boma alipo, mwanayu wawadutsa onsewo kudzafuna inu. Mukamukhumudwitsa pamenepa sadzapondanso pa Njuli, ndipo mudzafa mukumva za iye kwa akabaza. Iwo anangoti amva, n'kugwadanso pa thumba lawo.

Ku Limbe ndinapita nawo, ndinali ndi zanga zokaoda. Kumene amagulitsa njinga za kaunjika kuli milu ya mafelemu, ena opanda matayala, ena opanda foloko, zonse zitakolanakolana. Achimwene analowa pamulu ngati nkhuku padzala. Posachedwa anatulutsa felemu yakuda, yaitali, yonenepa mipope, n'kuinyamula ndi manja awiri monyadira. Anjelina anapukusa mutu. Anati mpope wapamwamba uyenera kukhala waufupi, kuti munthu azitha kudumphitsa mwendo kupita kutsogolo osakodwa. Kumbuyo nako kukhale kwakufupi, tayala likhale pafupi ndi mapedulo, kuti njinga izidzuka msanga ukaikoka. Foloko ikhale yowongoka, yosapendekera kutsogolo. Ndipo chonsecho chikhale chopepuka. Achimwene anamvetsera ngati munthu amene akuuzidwa kuti ng'ombe yabwino ndi yowonda.

Kenako mwana anapeza yake, yofiira, yonyezimira, yaifupi monga amafunira. Anaikumbatira ndithu, wogulitsa n'kuyamba kale kuiyamikira. Achimwene anailanda, n'kuigogoda ndi sipanala imene samayenda osaitenga. Anagogodanso pafupi ndi khosi, pamene mipope imakumana, n'kupala penti ndi chikhadabo. Panaoneka kamng'alu kowonda ngati tsitsi. Anati imeneyi ukaimira tayala la kutsogolo idzathyokera pamenepa, mano onse n'kutsala pa simenti. Ine ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa anakwiya nane, koma Anjelina anawayang'ana bambo ake mwa ulemu wina, wosiyana ndi uja wogwada chapatali.

Yoyenera inali pansi penipeni pa mulu wachitatu, yobiriwira, yokalikakalika, foloko yake ili pomwepo ndi timipope tonse tinayi, timene Anjelina amati mapegi. Wogulitsa anati imeneyo yakhalitsa, anthu amaiona ngati ya ana. Anjelina anaiyeza ndi mkono monga anamuphunzitsira anzake, n'kuinyamula ndi dzanja limodzi, maso ali gwa. Achimwene anaigogoda paliponse, n'kuvomera kuti chitsulo n'chabwino ngakhale chili chopepuka ngati chitini. Mapegi a kumbuyo anawayamikira, ati wokwera pambuyo apeza popondera. A kutsogolo ndi amene anawasokoneza mutu, anafunsa kuti amene azikhala kutsogoloko ndani. Tinagula felemuyo ndi malimu awiri aang'ono a matayala, kenako tinaima pachiwaya kudya tchipisi. Tsiku limenelo achimwene analankhula kuposa chaka chathunthu. Zinali za masipoko zokhazokha, komabe kunali kulankhula, ndipo mwana ankafunsa mafunso.

Felemu inatsala pa Njuli kuti achimwene aimange. Anjelina anati abweranso akamaliza kusosa m'munda. Asanakwere minibasi ananena momveka bwino, ine ndili pomwepo: chishalo chikhale chotsika chifukwa n'chogwira ndi dzanja kuposa kukhalira, matayala apopedwe gwa, mahandulo azitha kuzungulira osakodwa ndi waya, ndipo china chilichonse asaikepo. Achimwene anagwedeza mutu. Koma kugwedeza kumeneko ndimakudziwa, ndi kumene amagwedezera kasitomala amene akuwauza mmene angakonzere njinga.

Matayala anawaluka bwino, zimenezo sindingawanamizire. Njinga inaima m'shedi, yaifupi, yopanda kanthu. Ndiye akabaza, anthu osowa chochita akamadikira makasitomala, anayamba. Wina ati a Mathero, kanjinga kamaliseche aka n'ka ndani? Wina ati mwana wamkazi wamkulu ngati uja azikwera chimenechi? Koma amene analasa ndi uja ananena kuti kwa Milepa akakaiona akati bambo ake ndi wokonza njinga wotchuka, koma mwana wawo yemwe alephera kumuikira kaliyala. Mawu amenewo anawalowa. Munthu amene anachoka pamudzi ndi bulangete lokha safuna kuti kumeneko azikati ndi woumira. Anaganizanso kuti mwana akatopa ndi masewerawo adzafuna kupita kuchigayo, kutchalitchi, kumsika. Wapempha pang'ono chifukwa cha ulemu, iwo amupatsa zambiri.

Ine nthawi imeneyo ndinali kumudzi, nanenso munda umandidikira. Ndikanakhalapo bwenzi nditagona pakhomo pa shedi. Achimwene anaitengera njingayo kwa a Shabani, owotcherera zitsulo pafupi ndi msika. A Shabani, munthu wosamala, anafunsa ngati mwini njinga wavomereza. Achimwene anati mwini njinga ndi mwana wawo. Kumbuyo kunali kwakufupi moti kaliyala sakanakwana, ndiye anadula mipope ya kumbuyo n'kulumikiza ina kuti italike. Anawotcherera kaliyala wa chitsulo chomangira nyumba. Anachotsa mapegi a kutsogolo, anakweza chishalo, anaika mabuleki ndi mawaya ake, madigadi, belu ndi kagalasi. Kwa telala anasoketsa khushoni ya mphonje, n'kulembetsapo dzina la Anjelina ndi ulusi wachikasu. Pamene ndimabwerako ndinapeza chinthu chitafunditsidwa nsalu pakona, iwo akukana kuti ndisasuzumire.

Anjelina anafika m'mamawa, atavala nsapato zothamangira, chitenje atachipinda m'chikwama. Akabaza anasonkhana. Achimwene anavundukula nsalu, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo kunena zoona inali njinga ya kabaza yokongola kuposa zonse za pa siteji, kungoti yaifupi msinkhu. Mwana anaiyandikira. Anagwira mahandulo kuti awazunguze, anakodwa ndi mawaya. Anayesa kuinyamula ndi dzanja limodzi, inakana. Anagwada n'kuyendetsa chala pamene anadula mipope ya kumbuyo, pamene chitsulo chinatupa ndi moto.

Bola akanakalipa. Bola akanalira, kapena kuwaponyera belu lawolo. Iye anatulutsa chitenje, n'kuchimanga, n'kugwada chapatali.

"Zikomo ababa, mwagwira ntchito."

Anaikankha mpaka kumsewu, osaikwera, n'kuikweza pa minibasi. Tiyi amene ndinamuphikira anazizira pa tebulo.

Achimwene anatembenukira kwa ine, ati wasangalala eti. Koma abale! Ndinadikira akabaza abalalike, pakuti munthu wamkulu sumuchititsa manyazi pagulu, kenako ndinawatsanulira zonse. Ndinawafunsa ngati ku Limbe makutu anawasiya pachiwaya. Ndinati mwana anakuuzani ndi pakamwa pake kuti musaikepo kanthu, inu mwamvera akabaza. Nandolo wa m'munda wa mayi ake mwamuwotcha ndi moto wa a Shabani. Safunsa anadya phula, inu mwadya ndi chisa chomwe. Iwo anati ngati vuto ndi kaliyala, sowo ilipo, adula. Tinapita kwa a Shabani. A Shabani anati kaliyala angachoke, koma kumbuyo kuja kunadulidwa, mipope yake ndi yopyapyala, yapsa kale kamodzi. Kuidulanso n'kuiwotcha kachiwiri, idzathyoka munthu ali pamwamba. Achimwene anadziwa kuti n'zoona, chifukwa akanakhala kasitomala wina iwo akanamuuza zomwezo.

Patapita masabata, wakabaza wina anabwera ndi uthenga wa a Kalisto. Ati tithokoze alamu, njinga ija ndi yamphamvu zedi, ikupita kuchigayo ndi thumba lathunthu, ana akutungira madzi m'zigubu, pamudzi ponse akuibwereka. Wakabazayo ananena mokondwa, akuganiza kuti wabweretsa nkhani yabwino. Achimwene anathokoza, n'kupitiriza kumata chubu. Anjelina sanabwere. Akamuimbira foni amayankha kuti ndili bwino kaya inu ababa, basi. Ine ndinkawaona masana atakhala pa kireti ija, nsima ya m'kontena osaitsegula, ndipo ndinkawamvera chisoni ngakhale mkwiyo unali usanandithere.

Mvula itayamba, ndinazindikira kuti shedi ikumatsekedwa masiku ena. Achimwene anali akupita ku Limbe akamva kuti kwatsika katundu watsopano. Anapempha kasitomala wina kuti awaikire makanema aja m'foni mwawo, ndipo ntchito ikachepa amaonera atatsinzina diso limodzi, akuimitsa, akubwereza. Tsiku lina anandiitana, ati taonani, mnyamatayu mwendo akuudutsitsa apa, kaliyala akanakhalapo bwenzi atathyoka bondo. Ndinati zikomo kwambiri, mwatulukira zimene mwana anakuuzani kalekale.

Lamulungu lina atatuluka ku Misa yoyamba anakwera minibasi mpaka ku Blantyre, kukasaka achinyamata aja. Tangoganizani, bambo wa imvi, jekete la kutchalitchi, ataima pakati pa ana a m'tauni n'kupempha kuti ayeze njinga zawo ndi chingwe. Ati poyamba anawaseka, kenako atamva nkhani yawo anawazungulira, aliyense akuwaonetsa yake. Anawauza kuti wongoyamba kumene asatenge felemu yaifupi mopitirira, imagwetsa msanga, koma yapakatikati, ndipo ngati n'kotheka ikhale ndi mpata waukulu pakati pa tayala la kutsogolo ndi mpope wapansi kuti phazi lizilowa. Anabwerako ndi chingwe chomangidwa mfundo, ndipo chinakhala m'thumba limodzi ndi sipanala.

Kusakako kunatenga nthawi. Mvula inatha, chimanga chinalowa m'nkhokwe. Ogulitsa a ku Limbe anafika powapatsa dzina loti a Kafupi, chifukwa felemu iliyonse amati yatalika. Anasiya mafelemu olemera, amphamvu, oti kale akanawagula asanafunse mtengo, ndipo amabwera akudandaula ngati asiya mwana pamsewu. Mapeto ake anaipeza, yabuluu, yopanda foloko. Sinali yabwino ngati yoyamba ija, iwo eni ananena, inali yolemererapo pang'ono. Foloko yowongoka anaipeza kwa mmodzi wa achinyamata aja. Mapegi a kutsogolo anali nawo, aja anachotsa, ndipo a kumbuyo anawadulira a Shabani.

Kuimanga sikunawavute. Chimene chinawavuta ndi kuisiya. Inakhala m'shedi yopanda kanthu, ndipo akabaza anayambanso nyimbo yawo ya kanjinga kamaliseche. Ulendo uno ndinawathamangitsa ndine, ndinati amene alankhulenso tomato wa ngongole amuiwale. Komabe tsiku lina ndinawapeza achimwene atagwira belu, akuliyerekeza pa mahandulo, mutu atapendeketsa. Ndinatsokomola. Analibwezera m'bokosi osandiyang'ana.

Anaimbira Anjelina kuti abwere, pali kanthu. Iye anati ali wotanganidwa. Ndiye m'mawa wina wa Lolemba anaimangirira pa kaliyala wa njinga yawo ndi malamba a mphira, n'kubwera patebulo panga. Anati mundiperekeze kwa Milepa. Chibadwire changa achimwene anali asanandipemphepo kanthu. Ndinasiyira tomato mnzanga, n'kutenga njinga yanga.

Ulendowu ndi wautali kwa miyendo ya anthu a msinkhu wathu. Tinadutsa pa boma dzuwa litakwera, tinafika kwa Milepa thukuta lili kamukamu. Nyumba imene anamanga ija ilipobe, mukukhala mng'ono wawo wa malemu. Achimwene anaima pamphepete pa bwalo n'kuodira ngati munthu wosadziwa pakhomopo. Anatiikira mpando ndi mphasa pansi pa mtengo. Tikupatsana moni, njinga yobiriwira ija inadutsa, zigubu ziwiri za madzi zili pa kaliyala, khushoni itang'ambika kale.

A Kalisto ndi munthu wansangala, woipa mtima ayi. Ataona yabuluu ija anaseka, ati alamu, iyi mwaiwala kuimaliza. Achimwene anati yatha. A Kalisto anasiya kuseka. Anati Anjelina ndi wamkulu tsopano, anthu ayamba kufunsira, ndipo mtsikana wozungulirazungulira pa kanjinga ka ana pamudzi pano anthu amunena. Ananena mofatsa, koma tonse tinamva kuti akukumbutsa amene ali ndi mawu pa mwanayo. Achimwene anayang'ana pansi. Anati iwo sanabwere ndi mlandu, angobweretsa katundu kwa mwini wake.

Anamuitana Anjelina kudimba. Anabwera matope ali m'miyendo, n'kugwada chapatali, moni wake uja. Kenako anaiona. Achimwene anali ataimasula n'kuiimika potsamira mtengo. Anjelina anadzuka pang'onopang'ono. Anagwira mahandulo n'kuwazunguza, anazungulira mpaka kubwerera pamene anayambira, osakodwa. Anainyamula ndi dzanja limodzi. Anagwada n'kuyendetsa chala paliponse pamene mipope imakumana, kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Simunawotcherepo kanthu?"

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Manja amayabwa," anatero achimwene, "koma ayi."

Anaponda pegi ya kutsogolo, n'kudzikankha ndi mwendo winawo. Tayala linayenda pang'ono, n'kutitimira m'fumbi, n'kugunda muzu. Anatsika. Anayesanso chakumbali, zomwezo. Ana a pamudzi anali atazungulira kale, wina akufunsa kuti chigubu azimangirira pati. Anjelina anaima kanthawi akuyang'ana bwalo, kenako anaikankhira kwa bambo ake.

"Bwererani nayo, ababa."

A Kalisto anati mwamva nokha alamu, mwana wakula, zachibwana anasiya. Koma ine, abale! Miyezi yonse ija, maulendo onse a ku Limbe aja! Ndinafuna kulankhula, koma pamudzi pa eni ndinalibe pakamwa. Achimwene anailandira. Anainyamula n'kuigoneka pa kaliyala, n'kuyamba kukulunga lamba. Lamba anawapulumuka kawiri, munthu amene wamanga katundu moyo wake wonse.

Anjelina anatola lambayo n'kugwira mbali inayo. Analankhula akukoka, osakweza mawu, koma a Kalisto anamva.

"Kuno kulibe poyendetsa, ndi fumbi ndi mizu yokhayokha. Ndipo ikagona kuno, mawa muipeza ili kumjigo. Pa Njuli, kuseri kwa msika, ndinaona khonde la simenti la sitolo yotsekedwa. Izikhala kwa inu. Ndizidzaphunzirira konko."

Achimwene anasiya kukoka. "Liti?"

"Loweruka. Koma ndizigwa kwambiri, ababa. Musadzandiseke."

"Sindidzaseka."

A Kalisto anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ana achimwene, kenako anangoti bola azivala chitenje pamsewu. Anatikakamiza kudya tisananyamuke, ndipo tinadya.

Pobwerera ine ndinalankhula zokwanira anthu awiri. Ndinakondwa, abale, ndinakondwa ngati mwanayo ndi wanga wobereka. Tinafika pa Njuli dzuwa litapendeka, miyendo yanga itasanduka mitengo. Ndinaganiza kuti akatsegula shedi, pakuti panali akabaza awiri akudikira ndi matayala ophwa. Iwo analowetsa njinga yabuluu m'kati, n'kukhoma, n'kubwera kudzatenga tsache langa losesera pamalo pa tomato. Ndinawatsatira kuseri kwa msika. Ndinawapeza atawerama pakhonde la sitolo ija, akusesa makoko a nzimbe ndi manyi a mbuzi, akutola timiyala ndi zala m'ming'alu ya simenti.

Ndinawauza kuti lero ndi Lolemba, Loweruka lili kutali, fumbi lidzabwereranso. Anati adzasesanso.